CHIVWENDE TICHIPATSE MALO AKE M'DIMBA

Abale ndi alongo a m'koperativa, pa msonkhano wathu wapitawu tinakangana. Nkhani inali ya dimba lathu la kumtsinje. Ine ndinaimirira ndi kunena kuti chigawo chimodzi cha dimbalo tibzalemo mavwende okhaokha. Anthu anaseka. Agogo ena aamuna anati: "Mwana wanga, chivwende ndi cha abusa a mbuzi. Unamuona ndani amene anagonera chivwende n'kudzuka ndi mphamvu zogwira khasu?" Amayi amene amasunga ndalama zathu anati: "Nanga akaola, ndalama ya mbewu adzabweza ndani?"

Mafunso awa ndi abwino. Tsiku lija sindinayankhe bwino, chifukwa pakamwa panga pamachedwa. Koma tsopano ndimadziwa kulemba. Ndalemba yankho langa pano kuti aliyense awerenge yekha, pang'onopang'ono, kenaka aweruze.

Maganizo anga ndi awa. Tipatule malo a mamita 20 m'litali ndi mamita 20 m'lifupi. Tibzalemo chivwende cha mtundu wa Crimson Sweet mwezi wa Ogasiti. Tichisamale monga timasamalira chimanga. Ndipo mbewu ya makolo athu tisaitaye.

Chivwende si mlendo

Ena amaganiza kuti chivwende chinabwera ndi azungu. Iyayi. Kwawo kwa chivwende ndi ku Africa konkuno. Ku Egypt kuli zithunzi za mavwende zimene zinajambulidwa m'manda zaka zoposa 4000 zapitazo. Mu 2021 akatswiri a zomera anaonetsa kuti m'bale wake wapafupi wa chivwende chimene timadyachi amamera ku Kordofan, m'dziko la Sudan. Chinachoka kuno, chinaoloka nyanja, anthu akutali anachisankha ndi kuchikonza, ndipo chabwerako chili m'kapepala.

Nanga ife timachichita chiyani? Mvula ikagwa timaponya nthanga ziwiri zitatu pakati pa chimanga, basi. Chimanga chikakula chimachiphimba. Dzuwa silifika pansi. Mvula imaoletsa masamba. Zipatso zimatuluka zazing'ono, zosatsekemera. Pamenepo timati chivwende n'chachabe. Kodi cholakwa ndi chivwende, kapena olakwa ndife? Mwana womuleka yekha kuseri kwa nyumba sanganenepe.

Chifukwa chiyani m'chilimwe?

Chivwende chimakonda dzuwa ndi kutentha. Dothi likazizira nthanga zimachedwa kumera, zina zimaolera pansi. Kukakhala mvula yambiri matenda a masamba amachuluka. Nyengo yake yabwino ndi imene ife timadandaula nayo: chisanu chitatha, mvula isanabwere, dzuwa likuswa mtengo. Ife a kumunsi kuno, kufupi ndi mtsinje wa Revúbuè, kutentha tili nako kokwanira ndi kutsala.

Taonani masiku. Crimson Sweet amatenga masiku 85 kapena 90 kuchokera tsiku lobzala. Tikabzala pa 1 Ogasiti, tidzakolola kumapeto kwa Okutobala. Kodi mwezi umenewo m'nyumba mwathu mumakhala bwanji? Nkhokwe yayamba kutsika. Tikufuna mbewu ya chimanga. Tikufuna feteleza. Khasu latha, likufuna lina. Ndiyo nthawi imene ambiri timapita kukagwira ganyu m'minda ya eni, munda wathu uli chigonere. Ndiyonso nthawi imene anthu a ku Moatize ndi ku Tete ali ndi ludzu, ndipo apaulendo a pa msewu wa ku Zóbuè amaima akaona chipatso chozizira kukhosi.

Agogo ananena zoona: chivwende si nsima. Pa magawo 100 a chivwende, magawo oposa 90 ndi madzi. Sindikunena kuti tichiike m'nkhokwe. Ndikunena kuti chivwende cha Okutobala chitigulire mbewu ya chimanga cha Epulo.

Mtundu uti?

M'masitolo ogulitsa mbewu timakumana ndi maina atatu kawirikawiri. Onse atatu anachokera ku America.

Charleston Gray anatuluka mu 1954. Ndi wamtali ngati mtsamiro, khungu lake n'lotuwa. Amapirira pa ulendo, koma ndi wamkulu, munthu mmodzi savutika naye pang'ono.

Sugar Baby ndi wamng'ono, wozungulira, khungu lake n'lobiriwira moderako. Amalemera makilogalamu 3 mpaka 5. Amapsa msanga, pa masiku 75 kapena 80.

Crimson Sweet anatuluka mu 1963 ku sukulu ya ukachenjede ya Kansas State. Ndi wozungulira motalikirapo pang'ono, ali ndi mizere yobiriwira. M'kati ndi wofiira, wotsekemera. Akadya bwino amafika makilogalamu 10. Amalimbana ndi matenda awiri oopsa: ofotetsa chomera kuchokera ku mizu, ndi obweretsa mawanga akuda pa masamba ndi pa zipatso.

Ine ndasankha Crimson Sweet chifukwa cha kulimba kumeneku, ndiponso chifukwa khungu lake limalola ulendo wa pa ngolo. Koma anzathu a kumtunda, ku Angónia ndi ku Tsangano, kumene chisanu chimachedwa kuchoka, ndikuwauza kuti: dikirani dothi lifunde mu Seputembala, ndipo tengani Sugar Baby. Iye adzapsa mvula isanakhazikike.

Pogula, werengani kapepala. Apa ndi pamene sukulu yathu imabweza phindu. Onani tsiku limene mbewu idzathe mphamvu. Onaninso ngati palembedwa F1. Mbewu ya F1 imabereka bwino chaka choyamba, koma nthanga zake mukasunga, ana ake satengera kholo. Mitundu itatu ndatchulayi si F1. Nthanga zake tingasunge. Kale wogulitsa ankatipatsa chilichonse, ife n'kulandira ndi manja awiri. Lero tiziwerenga tokha.

M'mera mpoyamba

Tisankhe malo amene dzuwa limawomba tsiku lonse. Dothi likhale lotayirira, losakanikirana ndi mchenga, losasunga madzi. Makande ojenjema madzi amaoletsa mizu. Malo amene chaka chatha munali mavwende, maungu kapena nkhaka tiwapewe. Matenda amabisala m'dothi. Chivwende chisabwerere pamalo amodzi zisanathe zaka 4.

Tsopano tiwerengere pamodzi. Mzere ndi mzere, mamita 2. Phando ndi phando, mita imodzi. Pa malo athu a mamita 20 tidzakhala ndi mizere 10. Mzere uliwonse mapando 20. Mizere 10 kuchulukitsa ndi mapando 20, yankho ndi mapando 200.

Wina adzati: "Malo onsewa kungowasiya? Bwanji osathinanitsa?" Dikirani mwezi umodzi, mudzaona. Chivwende chimayanga. Chomera chimodzi chimatambasula nthambi mamita 2 kapena 3. Mukathinanitsa mudzakolola masamba.

Pa phando lililonse tikumbe dzenje lakuya ngati kuchokera pa chigongono kufika ku zala. Tithiremo manyowa owolerana bwino, fosholo imodzi kapena ziwiri, n'kusakaniza ndi dothi. Ndowe zaziwisi ayi, zimawotcha mizu. Tibzale nthanga 3, kuya kwake masentimita 2 kapena 3, ngati mfundo imodzi ya chala. Pakatha sabata imodzi, kapena kupitirira pang'ono, zimamera. Zikatulutsa masamba enieni awiri kapena atatu tipatulire. Tisiye chomera chimodzi champhamvu. Zinazo tidule ndi chikhadabo, tisazule, kuopa kugwedeza mizu ya chotsalacho.

Tipalire msanga, nthambi zisanayale. Zikayala, khasu lisalowenso, udzu tizizula ndi manja. Pansi tiyale udzu wouma kapena mapesi. Zimenezi zimasunga chinyezi, ndipo zipatso zimagona pouma. Amene ali ndi feteleza asamale ndi yureya. Akachuluka, chomera chimasangalala ndi masamba n'kuiwala kubereka.

Madzi: apa ndiye pali thukuta

Sindikubisirani, anzanga. Walira mvula walira matope. Chivwende cha m'chilimwe chimafuna kuthirira, ndipo ntchito yake si yamasewera. Chikakhala chaching'ono chimamwa pang'ono. Koma chikayamba maluwa ndi zipatso, dzuwa la Okutobala lili pamutu, phando limodzi lingamwe kheni yathunthu ya malita 10 pa tsiku. Mapando 200, makheni 200. Munthu mmodzi angagwe nazo. Koma ife tilipo 20. Gawani 200 ndi 20: aliyense makheni 10. Mutu umodzi susenza denga. Ndi chifukwa chake ntchito iyi ndikuibweretsa ku koperativa, osati kunyumba kwanga.

Tithirire m'mawa, patsinde, osati pamasamba. Masamba onyowa amaitana matenda. Tisadumphe masiku ambiri kenaka n'kukhuthula madzi nthawi imodzi. Chomera chikamva ludzu lero, mawa n'kukhuta, chipatso chimada ndi kuola kumatako, kapena chimang'ambika. Pisani chala m'dothi. Mukapeza pouma, thirirani. Mukapeza ponyowa, pitirirani.

Zipatso zikakula, kutatsala sabata imodzi kapena masiku 10 kuti tikolole, tichepetse madzi. Pamenepo shuga amakhazikika. Wothirira kwambiri kumapeto amagulitsa madzi a mumtsinje, osati chivwende.

Njuchi ndi antchito anzathu

Apa mverani bwino, chifukwa apa ndi pamene ine ndinagwa.

Chaka china ndinabzala mavwende kuseri kwa dimba langa. Anamera bwino. Anayanga bwino. Maluwa anali mbwee. Tsiku lina ndinaona nsabwe kunsi kwa masamba. Ndinathamanga kukagula mankhwala. Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuwerenga, ndiye za pa botolo sindinazione. Ndinapopera m'mawa, dzuwa litangotuluka, masiku angapo. Nsabwe zinafa. Koma tizipatso tinayamba kuchita chikasu ndi kugwa. Totsalato tinakula mopindika. Ndinati andilodza. Mlangizi atabwera anandifunsa funso limodzi lokha: "Bambo, njuchi zili kuti?" Ndinayang'ana. Munalibe ngakhale imodzi. Mfiti ndinali ine ndemwe.

Chivwende chili ndi maluwa a mitundu iwiri pa chomera chimodzi. Duwa lachimuna lili ndi kaphesi kowonda. Duwa lachikazi lili ndi kachivwende kakang'ono kunsi kwake. Aamuna amayamba kutuluka, aakazi amabwera pambuyo. Musadandaule mukaona maluwa oyamba akugwa osabereka, amenewo ndi aamuna. Duwa lachikazi limatseguka m'mawa umodzi wokha. M'mawa umenewo njuchi ziyenera kutenga mungu ku duwa lachimuna ndi kuufikitsa kwa lachikazi, osati kamodzi, koma maulendo angapo. Mungu ukachepa, chipatso chimapindika kapena kugwa.

Choncho m'mawa m'dimba musalowe mankhwala. Ngati kupopera kuli kofunika ndithu, tipopere madzulo, njuchi zitapita. Njuchi zikasowa, tigwire ntchito yawo ndi manja. M'mawa, kusanatenthe, thyolani duwa lachimuna, chotsani timasamba take tachikasu, ndipo khudzitsani mutu wake pakati pa duwa lachikazi. Ntchito iyi ngakhale ana a sukulu amaitha.

Zipatso zikagwira, tisiye ziwiri zokongola pa chomera chilichonse. Zopindika ndi zochedwa tichotse zikadali zazing'ono. Mtima umawawa, ndikudziwa. Koma paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Wofuna zisanu adzakolola zisanu zonga nkhonya.

Adani a chivwende

Mdani woyamba ndi ntchentche yoboola zipatso. Imabaya chipatso chikadali chanthete n'kuikira mazira m'kati. Mazira amasanduka mphutsi. Chipatso chimaola, mphutsi zimalowa m'dothi, ndipo zimatulukamo zili ntchentche zatsopano. Chipatso choboola mukachiponya pambali pa dimba, mwaweta mdani. Tizitola tsiku ndi tsiku, tizikwirira m'dzenje lakuya kuposa theka la mita, kapena tizimanga m'thumba la pulasitiki lakuda n'kuliika padzuwa masiku angapo. Tizipatso tatsopano tingativeke kathumba ka pepala kapena kansalu duwa likangofota.

Mdani wachiwiri ndi nsabwe. Zimayamwa madzi a m'masamba, ndipo zimanyamula matenda opiringiza masamba amene alibe mankhwala. Tiziyang'ana kunsi kwa masamba kawiri pa sabata. Zikangoyamba, madzi a sopo kapena a masamba a nimu amathandiza. Chomera chimene chapiringizika ndi kupinimbira tichizule, tichitulutse m'dimba.

Wogula mankhwala a m'botolo awerenge mlingo wake. Awerengenso masiku oyenera kudikira asanakolole. Chivwende chimenecho adzadya ndi mwana wa munthu.

Adani ena ali ndi miyendo inayi, ena iwiri. Mbuzi zimafuna mpanda. Apusi ndi akuba amafuna mlonda. Timange kachisakasa, ndipo masabata atatu omaliza tizigona kudimba mosinthana, awiriawiri.

Chapsa kapena ayi?

Nthochi mukadula yaiwisi imapsera m'nyumba. Chivwende sichitero. Mukachithyola chisanapse, chidzakhala chomwecho mpaka kuola. Wogula amene mwam'gulitsa chivwende choyera m'kati sabweranso, ndipo amauza anzake.

Zizindikiro zilipo zitatu. Choyamba: pafupi ndi chikonyo pali kachingwe kopotana. Kakauma, nthawi yafika. Chachiwiri: pamimba pamene chipatso chimagonera pansi pamasintha, poyera pamasanduka pachikasu. Chachitatu: gogodani ndi chala. Chachiwisi chimalira mokweza, ngati mwagogoda pamphumi. Chakupsa chimalira motsitsa, ngati mwagogoda pachifuwa. Musakhulupirire chizindikiro chimodzi. Zitatu zonse zigwirizane.

Tidule ndi mpeni, tisiye chikonyo chachifupi. Tikolole m'mawa, tiike pamthunzi. M'ngolo tiyale udzu. Chivwende sachiponya ngati thumba la chimanga. Chikagunda chimavulala m'kati ngakhale kunja kukuoneka bwino.

Yankho kwa amayi osunga ndalama

Amayi, funso lanu ndi lalikulu kuposa onse. Chivwende sichikhala. Pamthunzi chingadikire masabata awiri, mwina atatu. Tikakolola onse tsiku limodzi, opikula adzatiseka. Adzatchula mtengo wawo, podziwa kuti tilibe kothawira. Ndawaonapo alimi atakhala pa mulu wa mavwende m'mbali mwa msewu, dzuwa likulowa, akugulitsa mongotaya.

Ndiye tichite zinthu zinayi.

Tisabzale tsiku limodzi. Mizere 5 pa 1 Ogasiti, mizere 5 pa 15 Ogasiti. Zokolola zidzabwera pawiri.

Tisadikire kupsa kuti tifune wogula. Maluwa akangoyamba, anthu awiri apite ku msika akaone mitengo, akalankhule ndi ogula atatu kapena anayi, osati mmodzi.

Tigulitse ndi pakamwa pamodzi. Wina asatuluke usiku kukagulitsa motsitsa.

Tilembe zonse m'kope: mbewu tagula meticais angati, ngolo talipira angati, chivwende chilichonse chapita pa angati.

Ndipo powerengera phindu tisadzinamize. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tasiya ziwiri pa chomera, koma tiwerengere chimodzi chokha: mavwende 200. Tichotsepo 40 a ntchentche, a akuba ndi a ana athu, pakuti nawonso ayenera kulawa. Atsala 160. Tikamva mtengo wa ku msika, tichulukitse ndi 160, tichotse zimene tawononga. Yankho likakhala laling'ono kuposa la tomato wa pa malo omwewo, ine ndidzakhala woyamba kuimirira ndi kunena kuti ndinalakwa. Kope lidzatiweruza. Tikaluza, taluza mtengo wa mbewu ndi thukuta la pa kachigawo kamodzi. Dimba lonse lotsala lili ndi tomato, anyezi ndi chimanga chachiwisi monga kale.

Mbewu ya makolo tisaitaye

Agogo, mawu otsiriza ndi anu. Nthanga zimene mumasunga m'chikho kudenga si zachabe. Chivwende chamakolo chimapirira chilala. Chimadziwa dothi lathu. Sichifuna ndalama. Chimenecho chipitirire m'munda wa dzinja monga mwa masiku onse.

Koma mitundu iwiriyi isayandikane ikamachita maluwa. Njuchi sidziwa malire. Imatenga mungu uku n'kupita nawo uko. Chipatso cha chaka chino sichisintha, koma nthanga zake zimakhala zosakanizika, ndipo chaka chamawa mudzadabwa. Wofuna kusunga mbewu yeniyeni atalikitse mitundu mamita 800, kapena aibzale nyengo zosiyana. Ife tikabzala Crimson Sweet m'chilimwe ndi chamakolo m'dzinja, vuto latha. Za maungu ndi nkhaka musaope, sizikwatirana ndi chivwende.

Mbewu titenge ku chipatso chabwino koposa, chakupsa bwino, cha pa chomera chopanda matenda. Chimenecho tisagulitse ngakhale wogula achonderere. Tidye tonse pamodzi, nthanga titsuke, tiyanike pamthunzi mpaka ziume gwa, tisunge m'botolo lotseka. Pa botolo tilembe dzina ndi chaka.

Abale ndi alongo, ndanena zanga. Msonkhano ukubwerawu tidzakweza manja. Amene akukana abwere ndi zifukwa zawo, tidzamva. Ine ndikupempha mamita 20 okha ndi miyezi itatu. Ndipo chivwende choyamba kupsa tidzapereke kwa agogo, atiuze okha ngati ndi cha abusa a mbuzi.

Tikambirane

1. Kodi duwa lachikazi la chivwende timalidziwa bwanji?
2. Chifukwa chiyani sitipopera mankhwala m'mawa?
3. Dimba lili ndi mizere 6, mzere uliwonse mapando 15. Mapando onse ndi angati? Nanga nthanga zofunika ndi zingati, tikabzala 3 pa phando?
4. Kwanuko chisanu chimatha mwezi uti? Mungasankhe mtundu uti wa chivwende?
5. Kodi mukugwirizana ndi mlembi, kapena ndi agogo? Lembani mizere itatu m'kope lanu.